Lachitatu, tsiku lojambulitsa bondo

Lero ndinaperekeza mng'ono wanga kuchipatala. Chaka chatha anamuchita opaleshoni mtsempha wa m'kati mwa bondo, uja amautcha ACL, utaduka akusewera ntchemberembaye. Madokotala anatenga mtsempha wakumbuyo kwa ntchafu yake yomwe, anaboola fupa la ntchafu ndi la msongolo, n'kuulowetsa m'mabowomo. Koma posachedwapa bondo layambanso kugwedera, makamaka akatembenuka mwadzidzidzi.

Adokotala anayamba ndi manja. Anamugoneka chagada, anapinda bondo pang'ono, n'kukokera msongolo kutsogolo. Unabwera mosavuta kusiyana ndi wa mwendo winawo. Kenako anatitumiza ku X-ray ndi MRI, makina amene amajambula minofu ndi mitsempha.

Zithunzi zitatuluka, mtima wanga unali m'mwamba poona pa MRI mtsemphawo ukuyera m'malo mooneka wakuda ngati mtsempha wabwino. Adokotala anati kuyera pakokha si umboni. M'chaka choyamba mtsempha woikirira umakhala ukumera timitsempha ta magazi ndi kusintha kuti ufanane ndi wachilengedwe, choncho umatha kuyera uli bwinobwino, n'kudzada pambuyo pake. Chimene anayang'anitsitsa ndi ulusi wake, ngati ukulumikizana kuchokera bowo lina kukafika linzake. Wa mng'ono wanga unathera pakati, madzi atalowa pamene panayenera kukhala ulusi.

Chimene chandikhudza kwambiri chinaoneka pa X-ray, chithunzi chotchipacho. Bowo la m'fupa la ntchafu linabooledwa kutsogolo kwambiri. Likakhala pamenepo, mtsempha umakokeka mopitirira nthawi iliyonse munthu akapinda bondo, mpaka umatamuka kapena kuduka. Adokotala anati bowo lolakwika malo ndi chimodzi mwa zifukwa zofala zimene mtsempha wotere umalepherera.

Mwanayu wakhala akudziimba mlandu kuti anafulumira kubwerera pabwalo, chonsecho mafizo sanaphonyepo. Atamva izi anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye si ine ndinauwononga, achemwali?" Ndinangomugwira dzanja.

Sabata yamawa akajambulidwa CT, mtundu wina wa X-ray woonetsa fupa mwatsatanetsatane, chifukwa ndi imene imayeza bwino kukula kwa mabowo. Ngati sanakule kwambiri, opaleshoni ikhala imodzi. Ngati afutukuka kufika mamilimita 15 kapena kuposa, ayamba awatseka ndi fupa, adikire miyezi ingapo kuti ligwirane, kenako adzaike mtsempha wina. Usiku uno ndaimbira achimwene kuti tiyambe kusonkha ndalama ya CT.