Loweruka la makeke atatu, galimoto imodzi

Loweruka, pakati pa Okutobala. Pa bolodi la m'khitchini panali maoda atatu: keke ya zipatso ya nsanjika zitatu yopita ku ukwati ku Liwonde, keke ya vanila ya nsanjika zinayi yokwera ku ukwati wa kuphiri la Zomba, ndi ina yaing'ono ya chinkhoswe ku Matawale imene eni ake anati adzatenga okha. Galimoto ndi imodzi, ogwira ntchito atatu, uvuni umodzi.

Uvuni umodziwo ndi umene umalamula kuchuluka kwa maoda amene tingalandire pa sabata. Ambiri oyamba kumene bizinesi iyi amawerenga makeke, koma chofunika kuwerenga ndi maola a uvuni. Keke ya kuphiri ili ndi nsanjika za masentimita 30, 25, 20 ndi 15, ndipo nsanjika iliyonse imaphikidwa magawo awiri. Chitini cha 30 chimalowa chokha mu uvuni ndipo chimatenga pafupifupi ola pa madigiri 160. Cha 25 chimatenga mphindi 50. Cha 20 ndi cha 15 zimalowa limodzi, mphindi 40, koma chaching'onocho chimayamba kutuluka. Zonse kuwirikiza kawiri ndi maola asanu, osawerengera kusakaniza, kutsuka zitini ndi kudikira kuti zizizire. Keke ya zipatso ndiye imadya nthawi: ya 25 imafuna maola anayi pa madigiri 140, ya 20 atatu, ya 15 awiri ndi theka. Mukaphatikiza zonsezi ndi ya chinkhoswe, sabata yadzaza. Oda yachinayi inabwera Lachiwiri, ya ukwati wa lero lomwe, ndipo tinaikana mwaulemu. Kukana ndalama kumawawa, koma kuvomera kukanaononga atatu enawa.

Muyezo wa keke ya vanila timauwerengera kuchokera pa nsanjika ya 20: magalamu 350 a fulawa, 350 a shuga, 350 a majarini ndi mazira 7. Ya 15 imafuna magalamu 200 a chilichonse ndi mazira 4, ya 25 magalamu 550 ndi mazira 11, ya 30 magalamu 800 ndi mazira 16. Onse pamodzi ndi mazira 38, ndiye kuti thireyi imodzi sikwanira. Timagula awiri, chifukwa dzira lovunda silisowa m'nyengo yotentha ino, ndipo lililonse limaswedwera kaye m'kapu lisanalowe m'mbale yaikulu. Kuphika kunali Lachitatu. Lachinayi kunali kudula mitu kuti ikhale yosalala, kuwaza madzi a shuga, kuika kirimu pakati ndi kupaka koyamba kopyapyala kogwira nyenyeswa. Lachisanu kupaka komaliza, kudula timitengo tochirikiza nsanjika ndi kukonza makatoni. Loweruka silophikira, ndi lonyamula basi.

Usiku wathawu magetsi anazima cha m'ma 11 koloko n'kubwera 2 koloko. Firiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi, ndiye lamulo ndi lakuti aliyense asaitsegule, ngakhale kungosuzumira. Pansi m'kati mwa firiji mumakhala mabotolo a madzi oundana okwana malita asanu ndi limodzi, kuchitira masiku ngati amenewa. M'mawa kirimu anali wolimba bwino, chala sichinasiye chizindikiro.

Ulendo woyamba unali wa ku Liwonde, kunyamuka hafu pasiti 5. Ena angafunse kuti bwanji osayamba ndi ya kuphiri yomwe ili pafupi. Yankho lili mu zimene zakutira keke. Batala amasungunuka kutentha kukafika madigiri 32 mpaka 35, ndipo ku Liwonde, kumunsi m'mbali mwa Shire, masana a Okutobala amafika pamenepo mosavuta, makamaka m'tenti. Amayi a mkwatibwi atabwera kudzapereka oda anafuna kirimu wa batala woyera, monga anaonera pa chithunzi. Tinawauza kuti, "Amayi, chithunzicho n'chokongola, koma kirimu ameneyo sadzafika nthawi yodula keke. Tiloleni tikute ndi fondant." Anavomera. Fondant ndi phala lolimba la shuga limene limayalidwa pa keke ngati nsalu. Keke ya zipatso yokutidwa ndi fondant imatha kukhala pamthunzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo osasintha, choncho ndiyo yoyenera kupita koyamba n'kukadikira. Ya kirimu iyenera kukhala mu firiji mpaka nthawi itatsala pang'ono.

Pa keke yomweyi pali funso lina limene silidumphidwa. Keke ya zipatso ambiri amaithira mowa wa brandy kuti ikhalitse, ndipo fondant wopanga pakhomo amalowa gelatine, wochokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, nthawi zina nkhumba. Mabanja ambiri a ku Machinga ndi kuno ku Zomba ndi Asilamu, enanso ndi a mipingo yosalola mowa. Timafunsa tsiku lolandira oda, n'kulemba yankho pa pepala. Banja ili linakana mowa, ndiye zipatso zinanyikidwa mu tiyi wozizira ndi madzi a malalanje usiku umodzi, ndipo keke inaphikidwa sabata imodzi yokha ukwati usanafike, chifukwa yopanda mowa sikhalitsa ngati inzake. Fondant tinagula wopanda gelatine titawerenga pa paketi. Wa 25 analowa kilogalamu imodzi, wa 20 magalamu 700, wa 15 theka la kilogalamu, wokulungidwa mpaka kukhuthala mamilimita anayi.

Keke siikhala pa mpando wa galimoto. Mpando ndi wopendekera kumbuyo, ndipo makilomita pafupifupi 50 pa malo opendekera amasuntha magawo a keke pang'onopang'ono mpaka mbali imodzi itaphulika. Siikhalanso pamiyendo pa munthu, chifukwa miyendo imatentha ndipo manja amafinya katoni pa bampu iliyonse. Malo ake ndi pansi kumbuyo, pamene tayala kapeti wa labala wosaterera, katoni iliyonse payokha, matawulo opinda atatsekera mipata. Katoni iyenera kufanana ndi bolodi la keke. Ikakula, bolodi limayenda m'kati.

Msewu wa M3 m'mawa chonchi ulibe anthu ambiri. Pa Chinamwali, pa Songani ndi pa Domasi pamafunika kuchepetseratu liwiro patali, kuti njinga kapena minibasi ikatulukira pasakhale kuponda mabuleki mwadzidzidzi. Bampu amaikwera ndi matayala onse akutsogolo nthawi imodzi, osati chopingasa, chifukwa chopingasa chimagwedeza galimoto uku ndi uku. Kutsetsereka kwa ku Machinga timatsika ndi giya yaing'ono. Tinafika 7 koloko itangodutsa.

Vuto linali tebulo. Okongoletsa anali ataika tebulo la keke pa udzu, mwendo umodzi uli m'kadzenje, nsalu itabisa zonse. Maso sangaone zimenezi. N'chifukwa chake m'chikwama cha zida mumakhala levulo yaing'ono ya amisiri omanga. Kathovu ka m'levuloyo kanathawira mbali imodzi. Tinapinda zidutswa za katoni pansi pa mwendowo mpaka kathovu kabwerere pakati, kenako tinakankhira tebulo lonse mita imodzi ndi theka m'kati, chifukwa pamene linali dzuwa la masana likanalowa m'mbali mwa tenti. Sipika yaikulu inalinso pafupi kwambiri, ndipo tinapempha achimwene oimbitsa nyimbo kuti aisunthe. Kugunda kwa sipika maola asanu kumagwetsa maluwa a shuga. Kusanjika kunatenga mphindi 25. Tinajambula keke mbali zinayi, a tcheya a komiti anaiona n'kusaina pa pepala kuti yafika bwino, ndipo tinabwerera.

Tinafika kunyumba 9 koloko, n'kupeza mnyamata wa njinga yamoto atatumidwa kudzatenga keke ya chinkhoswe. Imeneyi ndi ya nsanjika ziwiri, yosanjika kale. Sitinaipereke. Tinaimbira eni ake: "Pepani azakhali, keke iyi pa kabaza siyifika. Ngati galimoto palibe, tidikireni, tiibweretsa tikatsika kuphiri." Chinkhoswe chinali cha 3 koloko, ndiye nthawi inalipo. Pa pepala la oda pali kale mzere wonena kuti wodzatenga yekha abwere ndi galimoto yokhala ndi malo afulati, koma zikuoneka kuti mzerewo uyenera kunenedwanso pakamwa Lachisanu, potumiza uthenga wokumbutsa.

Keke ya kuphiri inatuluka mu firiji 10 koloko. Yonse pamodzi imalemera makilogalamu oposa 10, chifukwa kirimu yekha analowa kilogalamu imodzi ndi magalamu 200 a majarini osakaniza ndi batala, ndi aisingi shuga wowirikiza kawiri. Kulemera kotereku si keke imene imakunyamula, ndi timitengo. Mu nsanjika ya 30 munalowa timitengo 8, mu ya 25 tisanu ndi kamodzi, mu ya 20 tinayi, tonse titaikidwa mozungulira m'kati mwa malo amene nsanjika yapamwamba idzakhale. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amabaya kamtengo kalikonse n'kukadula molingana ndi pamene kabayidwa. Keke siikhala yofanana ndendende paliponse, ndiye timitengo timatuluka tosiyana, ndipo nsanjika yapamwamba imapendama. Njira yake ndi kubaya kamodzi pamalo okwera kwambiri, kuika chizindikiro, kukazula, n'kudula tonse totsala molingana ndi kameneko. Nsanjika iliyonse imakhala pa kabolodi kake, kuti kulemera kutsikire pa timitengo.

Msewu wokwera phiri la Zomba si wautali, koma ndi wokhotakhota ndi wokwera kwambiri, ndiye keke yosanjika kale siyiyenera kudutsamo. Nsanjika zinayi zinapita m'makatoni anayi. Galimoto inayamba yaziziritsidwa mphindi khumi isanapakiridwe, ndipo mmodzi anakhala kumbuyo kuyang'anira. Pa ngodya iliyonse liwiro ndi la munthu wothamanga pang'ono. Magalimoto otitsatira akafulumira, timawapatsa mpata adutse.

Kumwamba kumazizira kusiyana ndi m'tauni, ndipo kirimu amakhala bwino. Mu June ndi July nkhani imatembenuka: nkhungu ya chiperoni imanyowetsa fondant mpaka kunyezimira ndi kumata, mitundu n'kuyamba kutsika. Nyengo imeneyo keke ya fondant imakhala m'katoni yotseka mpaka alendo atatsala pang'ono kulowa.

Mkwatibwi anafuna masitiroberi, ndipo m'mbali mwa msewu wa kuphiri amagulitsa abwino. Tinagula pokwera, tinatsuka, n'kuwayala pa nsalu youma mpaka madzi onse atatha. Amaikidwa athunthu ndiponso pomalizira penipeni. Sitiroberi wodula akakhudza shuga amatulutsa madzi, ndipo pakapita ola pamakhala mizere yofiira yotsika pa keke yoyera.

Potsegula katoni ya 25 tinapeza kuti mbali imodzi yakhudza khoma la katoni, kirimu wachoka malo okula ngati chala chachikulu. Chifukwa chake chinaoneka msanga: bolodi lake linali la masentimita 25 ndendende, lofanana ndi keke, lopanda mlomo woteteza. Nsanjika zapakati ziyenera kuyenda zitakhala pa bolodi lina lokulirapo ndi masentimita asanu, zitamatidwa ndi kirimu pang'ono pansi, n'kudzachotsedwa posanjika. Kukonza kunatenga mphindi zisanu, chifukwa m'chikwama mumakhala kirimu wotsala wa mtundu womwewo m'thumba lofinyira, mpeni wosalazira, lumo, riboni wapadera, timitengo tina ndi fulasiki ya madzi otentha. Mpeni umaviikidwa m'madzi otentha, kupukutidwa, n'kudutsitsa kamodzi pamalo odzazidwawo. Mbali imeneyo inayang'ana kukhoma. Posanjika, nsanjika imagwiridwa ndi mpeni waukulu wafulati pansi ndi dzanja mbali inayo, kutsitsa mbali yakutali poyamba, kenako kusolola mpeni. Riboni amabisa polumikizira. Zonse zinatha hafu pasiti 11, madyerero akuyamba 1 koloko.

Keke ya miyezo imeneyi imatulutsa zidutswa pafupifupi 130 ikadulidwa masentimita asanu m'litali ndi awiri ndi theka m'lifupi. Alendo anali oposa pamenepo, ndipo komiti inafuna zidutswa zogulitsa nthawi ya perekaniperekani. Kudula keke yaikulu anthu akuvina kumachedwa ndipo zidutswa zimatuluka zosafanana. Choncho tinaphika padera mathireyi awiri afulati a masentimita 30 kwa 40, lililonse lotulutsa zidutswa 80 mutachotsa m'mphepete, zonse zodulidwa ndi kukulungidwa Lachisanu madzulo. Zinaperekedwa kwa amayi oyang'anira chakudya titawerengera limodzi. Mathireyi amenewa nawonso amadya uvuni, mphindi 35 lililonse, ndipo ayenera kulowa m'chiwerengero cha sabata kuyambira pachiyambi.

Ndalama yotsala ya keke iyi inalowa pa foni Lachinayi, monga mwa pangano: theka polandira oda, theka masiku awiri ukwati usanafike. Pa tsiku la ukwati msungichuma wa komiti sapezeka, ndipo si bwino kumasaka munthu ali pakati pa chisangalalo. Choikapo keke ndi mpeni wodulira n'zobwereketsa, zili ndi dipoziti yake, ndipo pa pepala palembedwa amene adzazibweze ndi nambala yake.

Ya ku Matawale inafika 1 koloko. Msewu wolowera kunyumbako ndi wafumbi, ndiye katoni inamatidwa tepi m'mbali zonse, mawindo otseka. Panalibe malo ozizira, ndipo tinapempha kuti ikhale m'chipinda cha kum'mwera, kutali ndi kumene akuphikira, chitseko chotseka chifukwa cha ana. Miyendo ya tebulo tinaiika m'timbale ta madzi kuletsa nyerere.

Madzulo ano kunali kutsuka zitini ndi kuwerenga zotsala. Aisingi shuga watsala makilogalamu awiri, mabolodi a 30 atha, mazira atsala 9. Sabata yamawa pali makeke awiri, onse a m'tauni, imodzi ya nsanjika zisanu koma ziwiri zapansi ndi dummy, nsanjika zongoonetsa zosadyedwa, zongokuta ndi fondant, zomwe zikhoza kukutidwa Lachiwiri uvuni usanayatsidwe. Mabolodi okulirapo onyamulira nsanjika zapakati alembedwa pamwamba pa mndandanda wa zogula Lolemba, limodzi ndi kukatenga choikapo keke kuphiri.