Chitenje chofiira pa zenera la ku Mayfair

Basi inatitsitsa pa Park Station m'mamawa, miyendo itatupa ndi masiku awiri a pamsewu: Mwanza, Tete, Nyamapanda, kenako mzere wautali wa pa Beitbridge. Amalume anali akundidikira atadzikuta jekete lalikulu, paja mu June kuzizira kwa ku Joni kumalowa mpaka m'mafupa. Thumba la usipa ndi ufa woyera analandira ndi manja awiri.

Amakhala ku Mayfair, m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni ake. Ndi telala, choncho makina osokera ndi bedi zimapanikizana momwemo. Pa zenera m'malo mwa katani anapachika chitenje chofiira cha chipani cha UTM, nkhope ya Saulos Chilima itafwifwa ndi dzuwa. Ataona kuti ndikuchiyang'anitsitsa anati, "Mphwanga, uyu ndi amene akanandibweza kumudzi."

Nsima isanapse n'komwe anali atayamba kale kundifotokozera. Chilima analowa ndale mu 2014 kuchokera ku Airtel Malawi, kumene anali Mmalawi woyamba kukhala mkulu wa kampaniyo, ndipo anaima ndi Peter Mutharika ngati wachiwiri wake. Mu 2018 anatuluka mu DPP akudandaula za katangale n'kuyambitsa UTM. Koma chimene chinawagwira mtima amalume ndi lonjezo la ntchito 1 miliyoni. Ife kumudzi tinkalimva ngati mawu a pamsonkhano chabe. Iwo kuno, amene amasuzumira kaye pakhomo asanatuluke poopa kufunsidwa mapepala, ankamva kuti ulendo wobwerera wayandikira. Misonkhano yake ankaonera pa Facebook, anthu asanu foni imodzi, n'kumayankha nawo kuti "Osaopa, osatopa, osafooka!" chonsecho kuno savota.

Pa 3 February 2020, pamene khoti linkawerenga chigamulo chofafaniza chisankho cha 2019 chimene Chilima anakhala wachitatu, akuti sanasoke ngakhale batani limodzi. Pa 23 June chaka chomwecho Tonse Alliance inapambana, Chilima n'kukhala wachiwiri wa Lazarus Chakwera.

Ine sindinawabisire maganizo anga. Ndinati, "Amalume, nanga ntchito zija zili kuti? Mabasi obwera kuno akudzazabe anyamata." Ndinawakumbutsanso za kumangidwa kwake ndi bungwe lothana ndi katangale la ACB mu November 2022, mlandu umene boma linausiya mu May 2024. Kwa ine vuto lalikulu ndi mpando womwewo. Wachiwiri kwa pulezidenti kwathu amathandiza kukolola mavoti, akalowa m'boma n'kumangodikira kutumidwa. Cassim Chilumpha ndi Joyce Banda anazionanso m'nthawi ya Bingu. Amalume anangopukusa mutu, amvekere, "Sanamupatse mpata." Sindinawatsutse kwambiri, chifukwa nanenso ndinkamukhulupirira munthuyo, ndipo zimandipwetekabe.

Atafika pa 10 June 2024 mawu awo anatsika. Ndege ya asilikali imene Chilima anakwera, yopita ku Mzuzu, inagwa m'nkhalango ya Chikangawa ndipo onse 9 anafera pomwepo. Tsiku loika maliro ku Nsipe, ku Ntcheu, anzawo anadzaza kachipinda kano, ena ataima panja, foni ataitsamiritsa pa makina osokera.

Nditatsala pang'ono kubwerera, ndinawauza kuti ndiwagulire katani yeniyeni ku Oriental Plaza, poti chitenjecho chayamba kung'ambika m'mphepete. Anakana. Anachitsitsa, n'kupinda mphepete mong'ambikamo, n'kusoka bwinobwino ndi ulusi wofiira. Kenako anandipatsa envelopu ya ndalama za feteleza yoti ndikapereke kwa amayi anga.