Mmene wailesi ya sefuliya inkakokera mawu a ku Lusaka ndi ku London mpaka ku Fort Jameson

Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka pa Great East Road ndi makilomita oposa 550, ndipo pakati pali mapiri ndi chigwa cha Luangwa. Siteshoni ya FM ikakhala kutali chonchi simungaimve, pokhapokha itaimika mlongoti wina pafupi nanu. Koma m'zaka za m'ma 1950, tauni yathu ikadali Fort Jameson, anthu a kwa Mpezeni, ku Katete ndi ku Chadiza ankamva nkhani ndi nyimbo za m'Chinyanja zochokera ku Lusaka popanda mlongoti wapakati. Usiku wabwino ankamvanso belu la Big Ben likulira ku London. Zonsezi zinkatheka ndi shortwave, mafunde a wailesi amene amafika kutali kwambiri, ndipo luso lalikulu linali kunja kwa bokosi la wailesi: waya, nthaka, ola ndi nyengo.

Siteshoni ya ku Lusaka inayamba mu 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, kuti anthu azimva za abale awo amene anapita kunkhondo. Vuto linali lakuti m'midzi munalibe mawailesi. Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, anavutika kufunafuna kampani yomwe ingapange wailesi yotsika mtengo, mpaka Ever Ready ya ku Britain inavomera. Mu 1949 inafika Saucepan Special: chigoba cha aluminiyamu chozungulira, cha mtundu wa sefuliya, chopakidwa penti ya buluu, mkati muli mavalavu 4, timachubu tagalasi tokuza mphamvu ya mafunde. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire masheleni 25, ndipo batirelo linkatha maola pafupifupi 300. Mabowo ake anawatchinga ndi kasefa kuti mphemvu ndi nyerere zisalowe. Inkagwira shortwave yokha, kuyambira mamita 25 mpaka 90 (mamitawa ndi kutalika kwa funde, ndipo ndiwo amasonyeza potchera siteshoni). Pa wailesi imeneyi m'pamene anthu anadziwira mawu a Alick Nkhata, woulutsa ndi woimba wa siteshoni ya ku Lusaka ija, Central African Broadcasting Station.

Mafunde a shortwave sakwawa pansi. Amakwera m'mwamba, n'kukagunda mpweya umene dzuwa laupatsa mphamvu ya magetsi, wotchedwa ionosphere, kenaka n'kubwerera pansi kutali, ngati mpira woumenyetsa kudenga. Edward Appleton anatsimikiza mu 1924 kuti mpweya umenewu ulipodi, ndipo pasanapite nthawi makampani anayamba kuugwiritsa ntchito: Philips inaulutsa kuchokera ku Eindhoven mpaka ku Java mu 1927, BBC inatsegula Empire Service yake ku Daventry pa 19 December 1932. Kudumpha kumodzi kungafike makilomita 4,000. London ili pa makilomita pafupifupi 8,000 kuchokera kuno, choncho mawu ake amadumpha kawiri kapena katatu asanafike pa waya wanu.

Apa m'pamene ola limalowera. Masana, pa makilomita 60 mpaka 90 m'mwamba pamakhala gawo la mpweya umenewu limene limameza mafunde a mamita ambiri, monga 90, 60 ndi 49. Dzuwa likalowa gawo limeneli limazimirira, mafundewo n'kumafika ku gawo lapamwamba kwambiri lomwe limawabweza bwino. N'chifukwa chake masana pa mamita 90 pamangomveka phokoso, koma ikamakwana 18:00 masiteshoni amayamba kutulukira limodzilimodzi. Pa mamita 25 ndi 19 zimatembenuka: masana ndi madzulo ndi pabwino, usiku ukakula pamafa. Mamita 31 amakhala pakatikati, ndipo ndi pamene ndingalangize munthu woyamba kumene kuti ayambire. Ngati wailesi yanu yalembedwa ma MHz m'malo mwa mamita, gawani 300 ndi chiwerengero cha mamita: 49 ikupatsani pafupifupi 6 MHz, 31 ndi 9.7, 25 ndi 12, 60 ndi 5.

Pali chinthu chimene chinkasokoneza anthu ambiri, mpaka ena kuganiza kuti wailesi yawonongeka. Pa mamita 25 mungamve London bwinobwino koma siteshoni yapafupi osaimva konse. Mafunde afupiafupi akakwera chilili saabwerera, amaboola n'kupita; amabwerera okhawo amene akwera chopendekera, ndipo amenewo amakagwera kutali, kukudumphani inu muli pakati. Mtunda wonga wa Lusaka ndi Chipata umafuna mamita ambiri, 60 kapena 90 usiku, 49 kapena 41 masana. Mamita 120, 90 ndi 60 anachita kupatulidwira maiko otentha ngati athu ano pa chifukwa chofanana ndi chimenechi, kuti siteshoni imodzi ikwanire dziko lonse.

Tsopano eriyo, chifukwa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Pa wailesi ya mavalavu pamafunika waya wa mkuwa wa mamita 15 mpaka 20, wokwezedwa mamita 5 kapena 6. Nsungwi ziwiri zazitali zimakwanira, kapena nsungwi imodzi ndi mtengo wa mango. Koma waya usakhudze mtengo kapena nsungwi. Mtengo wauwisi uli ndi madzi ndipo umatayira mphamvu m'nthaka, makamaka mvula ikagwa. Kumapeto onse awiri ikani khosi la botolo: waya mumange mbali imodzi, chingwe mbali inayo, chingwecho ndicho chikafike kumtengo. Siyani waya wolendewera pang'ono, chifukwa mphepo ya mu August ikagwedeza nthambi waya wokungika kwambiri umaduka. Waya wotsikira m'nyumba ukhale wokutidwa, udutse pazenera osakhudza felemu yachitsulo, ndipo usayende mogundana ndi malata. Polumikiza, palani mkuwa ndi mpeni mpaka uwale, potokolani zolimba, ndipo ngati chilipo chowotcherera, wotchererani. Polumikiza pakachita ndere zobiriwira pamabweretsa kuthetheka kumene ambiri amanamizira batire.

Chenjezo ili musalitenge mopepuka: eriyo isadutse pamwamba kapena pansi pa mawaya a magetsi, ngakhale pakhale mpata waukulu. Ikaduka n'kugwera pamenepo, imapha munthu wogwira wailesi m'nyumba.

Waya wachiwiri ndi wa m'nthaka, ndipo ndi amene amaiwalika. Khomerani paipi yachitsulo kapena ndodo ya mkuwa yotalika mita imodzi kapena imodzi ndi theka pamalo ponyowa, pafupi ndi nyumba kuti waya wake ukhale waufupi. Nthaka youma siyendetsa magetsi. Mu September ndi October, pamene kuno pansi pamachita kung'aluka, wailesi imafooka ngakhale batire lili latsopano. Kuthira ndowa ya madzi pa ndodoyo masiku angapo aliwonse kumabweza mawu. Ochenjera ankaikhomera pamene amatayira madzi otsukira mbale.

Batire la mawailesi amenewa linali ndi mbali ziwiri m'bokosi limodzi: mavoti 1.5 otenthetsa timawaya ta m'mavalavu, ndi mavoti 90 oyendetsa mavalavuwo. Munthu akasokoneza mawaya n'kulowetsa 90 pamalo a 1.5, mavalavu onse 4 amapsa nthawi yomweyo, ndipo palibe chokonza koma kugula ena. Batire likamatha, chizindikiro choyamba si kuchepa kwa mawu kokha. Valavu yoyamba, imene imasankha siteshoni, imasiya kugwira ntchito mavoti 1.5 aja akatsika kufika cha m'ma 1.1, ndipo imayamba kufa ku mbali ya mamita 25. Choncho London imasowa, Lusaka ikumvekabe. Kuzimitsa wailesi kwa maola angapo kumalipatsa kamphamvu pang'ono, koma kulianika padzuwa, monga ena ankachitira, kumaumitsa mankhwala a mkati ndi kulifupikitsa moyo. Werengani nokha: maola 300, pomvera maola atatu madzulo aliwonse, ndi masiku 100. Masheleni 25 sizinali ndalama zochepa, n'chifukwa chake wailesi inkatsegulidwa pa ola lake, anthu atasonkhana kale pabwalo.

Kutchera siteshoni kumafuna dzanja lofatsa. Gawo lonse la mamita 49 ndi pafupifupi 300 kHz, masiteshoni atalikirana 5 kapena 10 kHz, ndipo pa wailesi yaing'ono onsewo apanikizana pa kadanga kosakwana chikhadabo. Mukapotokola mwachangu mungodumpha masiteshoni khumi mukumva likhweru lokha. Gwirani chopotokoleracho ndi zala ziwiri, dzanja litatsamira patebulo, pitirirani siteshoni pang'ono kenaka bwererani mpaka mawu ayere. Mukamva kukhwekhwereza popotokola, ndiye kuti fumbi lalowa pakati pa timbale tachitsulo timene timalowana mkatimo. Uzirani kapena sesani ndi nthenga ya nkhuku, osapinda kambale ngakhale kamodzi.

Mawu akamakwera ndi kutsika okha, musakhudze kalikonse. Mafunde a siteshoni imodzi afika podzera njira ziwiri zosiyana kutalika, ndipo pena amathandizana, pena amafafanizana. Dikirani, abwerera. Phokoso la dzinja ndi nkhani ina: kuyambira November mpaka March, mphezi iliyonse yong'anima ngakhale ku Mozambique kapena ku Malawi imamveka ngati kuthetheka, ndipo pa mamita 90 ndi 60 m'pamene zimanyanya. Nyengo yabwino yomvera zakutali kuno ndi ya chisanu, May mpaka July, usiku utatalika ndipo mabingu kulibe. Mvula ya mabingu ikamayandikira, chotsani eriyo pa wailesi, ilumikizeni ku ndodo ya m'nthaka kunja kwa nyumba, ndipo chitani zimenezi mitambo ikadali kutali.

Ndandanda za masiteshoni akunja zimalembedwa mu GMT, kapena UTC masiku ano. Ife tili patsogolo ndi maola awiri, choncho pulogalamu ya 16:00 kwa iwo ndi 18:00 kuno. Kuti mudziwe amene mukumumva, dikirani pamene ola likukwana, chifukwa m'pamene siteshoni imadzitchula kapena kuliza chizindikiro chake. Cha Zambia chinali kulira kwa nkhwazi. Omvera akhama ankalemba tsiku, ola, mamita ndi zimene amva, n'kutumiza kalata ku siteshoniyo, iyo n'kuwayankha ndi khadi lotchedwa QSL lotsimikiza kuti anaimvadi.

Amene akufuna kuyesa lero ndi kawailesi ka mabatire kolembedwa SW (shortwave) asatengere muyeso wa waya wa kale uja. Mawailesi amakono ang'onoang'ono amachulukidwa mphamvu ndi waya wa mamita 20, masiteshoni n'kumamveka angapo pamalo amodzi. Waya wa mamita 5 mpaka 8, wokulungidwa kunsonga ya eriyo yake yosolola, ndi wokwanira. Mdani wamkulu tsopano ali m'nyumba momwemo: matchaja a foni, mababu a LED, ma TV ndi ma inverter a sola amatulutsa phokoso limene limakwirira shortwave yonse. Zimitsani chimodzichimodzi wailesi ili chitsegulire, mupeza chimene chikusokoneza. Mukalephera, tulukani panja mamita 20 kutali ndi nyumba, kapena yesani pa nthawi imene magetsi athima m'komboni yonse, kuyambira pa mamita 31 cha m'ma 18:00, kenaka 49 usiku ukamakula.