Mmene ndinapezera achemwali pakhomo la laibulale

Kanema uja amene mnzathu anandijambula ku laibulale n'kumuponya m'gulu lathu lino la WhatsApp ndikudziwa kuti mwamuona, ndipo wina mwa inu wamuikira kale nyimbo ya maliro. Chabwino. Koma musanapitirize kufalitsa mabodza, dziwani kuti pulofesa sindinamumenye, khofi ndinamutayira uja anali atazizira kalekale, ndipo zonse zimene ndinachita ndinaphunzitsidwa ndi yunivesite yomweyi, satifiketi yake ndili nayo.

Kuno ku America aliyense wongofika kumene pa yunivesite amayenera kuchita maphunziro a pa intaneti okhudza tsankho la pakati pa amuna ndi akazi komanso nkhanza zokhudza kugonana. Makalata ochokera ku ofesi ya Title IX ankabwera mu imelo yanga ngati mvula, ine n'kumangowadumpha poganiza kuti ndi anthu otsatsa malonda. Ndinadzidzimuka nditafuna kulembetsa makosi a teremu yotsatira, kompyuta n'kundiuza kuti dzina langa latsekedwa mpaka nditamaliza maphunzirowo. Usiku womwewo ndinakhala pansi.

Amene anakonza makanema amenewa amadziwa mtima wa mwana wasukulu kuposa mayi ake omubereka. Sungathamangitse kanema. Ukatsegula tsamba lina kuti uoneko mpira, iye amaima n'kumakudikira. Ukayankha funso molakwika amakubweza koyambirira mwaulemu wonse. Moti mosafuna ndinaloweza kuti Title IX ndi lamulo la mu 1972, analisainira ndi Richard Nixon pa 23 June, ndipo limaletsa sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma la dzikoli kusala munthu chifukwa choti ndi mkazi kapena mwamuna. Ndinalowezanso dzina la Patsy Mink, phungu wa ku Hawaii amene analimenyera nkhondo, mpaka atamwalira mu 2002 lamulolo analipatsa dzina lake. Mukandidzutsa pakati pa usiku ndikuuzaninso kuti mu 2013 anawonjezera lamulo lina lokakamiza mayunivesite kuphunzitsa ophunzira ndi antchito atsopano za kapewedwe ka nkhanzazi, kuphatikizapo zimene munthu wongoonerera angachite.

Gawo la munthu woonerera ndi limene linandipha. Ankati ukaona wina akuzunzidwa usangoyang'ana kumbali. Ungathe kulankhula ndi wozunzayo maso ndi maso, ungathe kuitana ena kapena alonda, kapena ngati ukuopa mkangano ungathe kungosokoneza zinthu kuti wozunzidwayo apeze mpata wochokapo. Zitsanzo za kusokonezako anapereka: kufunsa njira, kunamizira kuti munthuyo ukumudziwa, kutaya chakumwa ngati mwangozi. Panopa anthu akundiuza kuti kanema wa maphunziro uja ananena momveka bwino kuti usankhepo chimodzi. N'kutheka. Kanema uja amaima ukatsegula tsamba lina, koma saima ukanyamuka pampando kupita kuchimbudzi, ndiye vuto limenelo ndi la amene anamukonza.

Mawa lake masana ndinali pakhomo la laibulale ndi mnzathu uja, wa foni yosagona m'thumba. Dzina langa linali litatsegulidwa, makosi nditalembetsa, satifiketi ili m'chikwama, ndikuyenda ngati wapolisi wongotuluka kumene ku maphunziro. Kapu ya khofi ili m'manja. Kenako ndinaona bambo wina wachikulire, wa ndevu zaimvi ndi jekete la anthu ophunzira, atagwira mtsikana pamkono n'kumamukokera kukhomo. Mtsikanayo amvekere, "Ndisiyeni, ndingathe ndekha!" Bamboyo amvekere, "Usachite makani, galimoto ili panja pomwepa."

Tsopano inuyo, oweruza a m'gulu lino, ndiuzeni. Munthu amene dzulo lake wangophunzitsidwa kuti mphunzitsi ali ndi mphamvu pa wophunzira chifukwa ndi amene amagwira cholembera cha mamalikisi, akamva mawu amenewa aganize chiyani? Mtima unagunda. Ndinauza mnzathuyo kuti athamange akaitane alonda. Iye m'makutu mwake munamveka kuti atulutse foni.

Ndinayenda mtunda waufupi uja ngati ndikuwoloka nyanja. Nditafika ndinatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Pepani bambo, kodi laibulale ili kuti?"

Pamwamba pa mitu yathu panali chikwangwani cha laibulaleyo, zilembo zake zotalika kuposa ineyo. Kumanja kwathu mashelefu a mabuku mpaka kudenga. Kumanzere mayi wobwereketsa mabuku akudinda chidindo. Bamboyo anayang'ana chikwangwanicho, anayang'ana mabukuwo, kenako anandiyang'ana ine pamwamba pa magalasi ake, n'kunena mofatsa kuti, "Mwaima m'kati mwake."

Munthu wanzeru akanathokoza n'kumapita. Koma dzanja lawo linali likadali pamkono wa mtsikanayo, ndiye pakamwa panga panatuluka mawu amene mpaka lero sindidziwa kumene anachokera: "Zikomo kwambiri. Nanga ina?"

"Ina chiyani?"

"Laibulale ina."

Anayamba kundilongosolera, amangwetu. Munthu wabwino mtima uja anayamba kundiuza za laibulale ya ophunzira zamalamulo, kuti ndidutse pa kasupe, ndikhotere kumanzere. Akuloza ndi dzanja lamanzere, lamanja osachoka pamkono paja. Ndinaona kuti njira yoyamba yakanika. Ndinatembenukira kwa mtsikanayo, ndinatambasula dzanja limene linalibe kapu, n'kufuula ndi chimwemwe chonse chimene ndinatha kuchipeza: "Aaa, achemwali! Mwasowatu! Amayi akukufunani kunyumba pompano, tiyeni!"

Amene mwaona kanemayo mukudziwa mmene achemwali angawo amaonekera. Tsitsi lofiira ngati moto, khungu loyera loti ukhoza kuwerengerapo mitsempha, timadontho pamphuno. Ine mukundidziwa. Pa anthu onse amene anali m'chipinda chija, kuphatikizapo chiboliboli cha amene anamanga laibulaleyo, panalibe anthu awiri osafanana kuposa ifeyo. Iye anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anatembenukira kwa bamboyo n'kufunsa kuti, "Adadi, pali zimene simunatiuze?"

Mawu oti adadi ndinawamva. Analowadi m'khutu. Koma kuchokera kukhutu kukafika ku ubongo pali kamtunda, ndipo pa nthawiyo ubongo unali utatumiza kale uthenga kudzanja kuti njira yachitatu iyambike. Dzanja langa ndi lomvera. Ndinaona kapu ikupendekeka, ndinaona chivindikiro chikuchoka mwakachetechete, ndinaona khofi akutuluka mwaulemu, osathamanga, ngati akudziwa kuti akujambulidwa. Ali m'malere ndinapeza nthawi yoganiza zambiri. Ndinaganiza za visa yanga. Ndinaganiza za makalata onse amene ndinalemba popempha malo pa sukuluyi, m'mene ndinadzitchula kuti ndine munthu woganiza mofatsa. Ndinaona mphuno ya bamboyo, ndinaona mphuno ya mtsikanayo, n'kuzindikira kuti ndi mphuno imodzi yomweyo, ina yakale ina yatsopano. Ndinayesa ngakhale kumuitana khofiyo mumtima kuti abwerere. Anakatera pa nsapato za bamboyo, zachikopa chofewa chija chomwa madzi, ndipo zinamwa zonse osasiyako dontho.

Poti maso anga anatsatira khofiyo mpaka pansi, ndi pamene ndinaona phazi la mtsikanayo. Linali lokulungidwa bandeji yaikulu ngati mutu wa mwana, ndipo ndodo yoyendera inali itatsamira pa desiki pambali pake. Anabinya mwendo pamasitepe, bambo ake anabwera kudzamutenga, iye amakana kugwiridwa chifukwa ana onse padziko lapansi amakana kugwiridwa ndi makolo awo pagulu.

M'laibulale mumakhala chete nthawi zonse, koma chete wa tsiku limenelo anali wamtundu wina. Ngakhale chidindo chija chinaima. Ine ndinangoti kakasi, kapu yopanda kanthu ili m'manja, ndipo pofuna kukonza zinthu ndinanena kuti, "Mwangozi." Palibe anafunsa.

Mlonda anabweradi, woitanidwa ndi mayi wa chidindo uja, osati ndi mnzathu, amene nthawi yonseyi anali akusintha malo kuti kuwala kukhale bwino. Atafunsa kuti chikuchitika n'chiyani, mtsikanayo anali akuseka moti anatsamira pa ine kuti asagwe, n'kumuuza mlondayo kuti, "Musadandaule, ndi achimwene anga." Mlondayo anatiyang'ana tonse atatu, ndipo poti nayenso anachita maphunziro ake a za tsankho, sanayerekeze kufunsa.

Ndinafotokoza zonse, satifiketi ndinaitulutsa ngati chiphaso cha galimoto. Bamboyo anamvetsera akugwedeza phazi limodzi kuti khofi atuluke. Kenako anandifunsa dzina ndi zimene ndikuphunzira. Nditawauza anamwetulira. Ndi mkulu wa dipatimenti yathu. Kosi imene ndinavutikira usiku wonse kuti ndilembetse ndi yawo.

Sekani, koma pali zina zimene kanema wa mnzathuyo sanaonetse, chifukwa foni yake inadzadza pamene zinthu zinayamba kundikomera. Mtsikanayo atasiya kuseka ananena kuti pa anthu onse amene anamva iye akunena kuti ndisiyeni, amene anasuntha phazi ndi ine ndekha, ena onse anakwirira nkhope m'mabuku. Akanakhala kuti si bambo ake bwanji? Maphunziro aja amanenanso zomwezo, kuti kuchita manyazi pang'ono chifukwa unaona molakwika n'kopepuka kusiyana ndi kusiya munthu m'mavuto. Pulofesayo anavomereza kuti njira zonse zitatu ndi zabwino, kungoti akanakonda ndikanayamba ndi kufunsa mwana wawo ngati ali bwino, funso limene silifuna laibulale, mlongo kapena nsapato za munthu. Limenelonso akuti linali mu kanema. Ndanena kale za kuchimbudzi.

Ndipo wina amuuze mnzathu wojambulayo kuti maphunziro omwewo amati ukajambula zinthu zotere umapereka kwa mwini nkhaniyo kuti asankhe chochita nazo, sumaponya pa WhatsApp ndi tizithunzi toseka. Sakudziwa zimenezi chifukwa makalata aja nayenso akungowadumpha. Sindimuuza kanthu. Aonana ndi kompyuta tsiku lolembetsa.

Kalasi ya pulofesayo ndimakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo. Sizithandiza. Akamaitana mayina, akafika pa langa amakweza maso n'kufunsa ngati laibulale ina ija ndinaipeza, ndipo Lolemba lapitali anandiuza pamaso pa kalasi yonse kuti achemwali anga akupereka moni, bandeji anachotsa. Nsapato avala zina. Ndinafunsa zolipira zoyamba zija, anati tidzakambirana pakutha pa teremu, mawu amene sindikuwamvetsa bwinobwino.

Dzulo kwabweranso imelo ina kuchokera ku ofesi ija. Poti ndayamba kuthandiza kuphunzitsa ana a chaka choyamba, akuti tsopano ndine wantchito, ndipo antchito ali ndi maphunziro awoawo. Ndatsegula kuti ndione kutalika kwake. Ndatsekanso kaye.