Mzuzu ikufunika Bata yake

Lero pa Mzuzu Stadium agogo ena pafupi nane amangofuula kuti "Bata! Bata!" Bullets, timu ya ku Blantyre, ikagwira mpira. Achinyamata kumangoseka, osadziwa kuti nthawi ya katswiri wakale Kinnah Phiri timuyi inali Bata Bullets, ikuthandizidwa ndi kampani ya nsapato.

Kuchokera mu 1967 dzina lasinthasintha. Inakhalapo Total Big Bullets, kenako Bakili Bullets yomwe mu 2004 inafika ndime ya m'magulu ya CAF Champions League. Pano ili m'manja mwa Nyasa Manufacturing Company, yopanga ndudu.

Chondiwawa n'chakuti kuno kumpoto matimu ambiri amachita kupemphetsa ndalama ya mafuta a basi yopita ku Blantyre, anyamata n'kulowa m'bwalo atatopa kale ndi ulendo. Inu a khofi ndi a matabwa a ku Chikangawa, mukudikira chiyani kuti muthandize matimu athuwa?