Atandiba matayala 12 pa yadi, umu ndi mmene kleimu ya inshuwalansi inayendera

Dzulo ndi pomwe ndalama ya inshuwalansi yalowa, patatha miyezi iwiri yathunthu, ndiye ndati ndilembe mtima usanazizire kuti anzanga ogulitsa ma ex-Japan musadzadutse momwe ndadutsa inemu. Yadi yanga yogulitsira magalimoto ndi yaing'ono, ku Lilongwe konkuno m'mbali mwa M1, magalimoto sapitirira 14. Usiku umenewo kunagwa chimvula ndipo magetsi anazima, m'mawa ndikufika ndinapeza ma Vitz awiri ndi Sienta yakale imodzi zili pa njerwa, matayala 12 ndi marimu ake omwe kulibe, mabatire atatu kulibe, Prius yomwe inali pakona ataidula ekizozi n'kuchotsa catalytic converter, kachipangizo kosefa utsi. Madala athu olondera akuti anabisala mvula m'kanyumba kawo sanamve kanthu. Ndinangokhala pansi ponyowa pomwepo, miyendo inakana.

Chinthu choyamba, musachotse galimoto pa njerwa. Musaichotse. Ine Sienta ija inali ndi kasitomala yemwe anali atapereka kale dipoziti ndipo amabwera masana omwewo, ndiye ndinathamanga kukabwereka matayala kwa mnzanga n'kuvala kuti mayiwo asaone galimoto yawo ili chomwecho. Asesa, munthu wotumidwa ndi a inshuwalansi kudzaona zomwe zabedwa, atabwera patatha masiku anayi anangoti "bwana, iyi ndikuiona ili ndi matayala ake, ndilembe kuti chasowa n'chiyani?" Zithunzi ndinali nazo ziwiri zokha, zojambulira patali, ndipo tinakangana pafupifupi masabata awiri pa galimoto imodzi imeneyo mpaka mnzanga uja anachita kulemba kalata kuti matayalawo ndi ake. Jambulani mbali zonse, jambulani njerwa, manati omwe ataya pansi, pomwe adula waya, kenako imbirani a inshuwalansi tsiku lomwelo chifukwa mapolise, mapangano a inshuwalansi aja, amakhala ndi malire a masiku oti munene.

Koma chomwe chinandiwawa zedi ndi lipoti la polisi. Ndinapita m'mawa womwewo, sitetimenti analemba bwinobwino, anabwera kudzaona pa yadi, apo ndilibe dandaulo. Lipoti lenilenilo lopita ku inshuwalansi ndi lina, limalipiridwa, mumatenga lisiti la boma n'kudikira kuti lilembedwe, lisainidwe, lidindidwe. Ndinapita Lachiwiri wosaina kulibe, Lachitatu ndinakhala pa benchi kuyambira 8 koloko mpaka 3 koloko osadya, ndinalitenga ndili wosangalala n'kuthamangira nalo ku ofesi ya inshuwalansi, mtsikana wa pa desiki kungoliwerenga kamodzi akuti "pepani bambo, apa angolemba kuti matayala a magalimoto atatu, magalimoto ake ati?" Eti zoona. Magalimoto a pa yadi ambiri amakhala alibe nambala puleti, ndiye chowazindikiritsa ndi chasisi nambala basi, ija imayamba ngati KSP130 pa Vitz kapena NCP81 pa Sienta. Palibe amene anandiuza, ku polisi sanandifunse, ku inshuwalansi pa foni sananene. Ndinabwerera, kulipiranso kachiwiri, benchi yomwe ija, tsiku lina lonse kupita yadi ili yotseka chifukwa mnyamata wanga anali akuzungulira kufuna makotesheni, mapepala a mitengo ya zinthu zobedwazo. Mpaka lero zikandikumbukira mtima umawira, masiku awiri athunthu kutayika chifukwa cha mizere itatu yomwe munthu akanangondiuza pa sekondi imodzi. Ndiye popita ku polisi lembani papepala galimoto iliyonse, mtundu wake, chasisi nambala, saizi ya tayala, chomwe chabedwa, ndipo musatuluke m'chipindamo musanawerenge lipotilo mzere ndi mzere.

Makotesheni ndatchulawo amafuna atatu, ochokera m'mashopu okhala ndi chidindo, osati a pamsika olemba pamanja. Izo sizinavute kwambiri.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono, ndaiwala za alonda. Madalawo anali a kampani, ndiye a inshuwalansi anafuna kontirakiti yathu ndi buku lomwe mlonda amasaina akamalowa ndi kutuluka. Bukulo linali ndi masamba osalemba sabata yonse ndipo ndinachita thukuta kulongosola. Polise yanga inali ndi mawu oti pa yadi pazikhala mlonda usiku wonse, ndiye akanafuna akanakanira pomwepo. Madalawo sindinawachotse, ndi munthu wamkulu, anali yekha, wopanda tochi yowala, wopanda mayunitsi m'foni, ndipo anthu obwera ndi majeki usiku sabwera awiri. Akanatuluka mwina bwenzi tikunena za maliro.

Ndiye nkhani ya ndalama. Ekisesi, gawo lomwe mumadzilipirira nokha pa kleimu, ndinkaidziwa, imeneyo amadula ndithu. Chomwe sindinkachiyembekezera ndi chomwe amachitcha average. Mtengo wa katundu yense wa pa yadi womwe ndinalembetsa unali wakale, ndinkangoliniyuwa chaka ndi chaka osasintha, pomwe kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, magalimoto omwewo mtengo wake unakwera kutalitali. Iwo amawerengera kuti ngati munalembetsa theka la mtengo weniweni, nawonso akulipirani theka la zomwe zabedwa. Ndalama yalowa dzuloyo siikwana n'komwe kugula zonse, catalytic converter ya Prius yokha yadya gawo lalikulu. Pitani mukakweze mtengowo panopa, ngakhale pulimiyamu, ndalama yomwe mumalipira ku inshuwalansi, ikwere.

Anthu amandifunsa kuti bwanji anasiya Hilux n'kutenga za ma Vitz. Rimu ya Vitz ndi ya mabowo anayi, PCD 100 (muyezo wa katalikirana kwa mabowowo), imalowa pa Passo, Fit, Note, Demio, magalimoto omwe adzaza m'tauni muno, ndiye pofika masana yapeza kale wogula. Manati ake sipanala ya 21 imodzi imamasula onse. Catalytic converter ya Prius ija amaifuna chifukwa mkati mwake mumakhala platinum, palladium ndi rhodium, ndipo pa ma hybrid ngati Prius, oyendera petulo ndi magetsi, zitsulozo sizitha msanga poti injini siimayaka nthawi zonse. Kudula kwake ndi mphindi zochepa chabe.

Pano zomwe ndachita ndi izi. Galimoto ikangofika kuchokera ku Dar es Salaam kudzera pa boda ya Songwe, tsiku lomwelo ndimaijambula yonse, matayala, sipeya, jeki, batire, magalasi a m'mbali, n'kuika maloko nati, manati omasuka ndi kiyi wake yekha, imodzi pa wilo iliyonse. Kiyi wake sakhala m'galimoto ayi, ambiri amasiya mu dashibodi ndiye wakuba akaswa galasi wapeza zonse, anga ndimapita nawo kunyumba atalembedwa chasisi nambala. Loko nati si mankhwala, wodziwa amaichotsa, koma imamudyera nthawi ndipo imapanga phokoso. Madzulo timaimika magalimoto mothithikana kwambiri moti munthu sangagwade pakati ndi jeki, mawilo akutsogolo titakhotetsa mpaka kumapeto, ma hybrid pakati penipeni. Mabatire timachotsa n'kutsekera mu ofesi, n'zotopetsa m'mawa uliwonse koma basi. Marimu ndi magalasi ndinawadinda manambala omaliza a chasisi mkati, chifukwa nditazungulira m'misika ya masipeya sabata yoyamba ndinaona marimu ofanana ndi anga ndendende koma ndinalibe chonenera kuti ndi anga, wapolisi yemwe ndinali naye anangoti "achimwene, umboni uli kuti?"

Makamera ndinali nawo kale, anazima limodzi ndi magetsi usiku womwewo. Pano ali pa sola ndi batire yake, magetsi a panja nawonso a sola, bokosi lojambulira ndinalichotsa pa tebulo n'kulibisa kudenga. Alonda ndi awiri, aliyense ndi wezulo, tochi ndi mayunitsi, buku ndimasaina ndekha m'mawa uliwonse, kanyumba kaja ndinakasuntha kuti kaziyang'ana magalimoto ngakhale mvula ikugwa. Ndipo ndabwereza, zikakuchitikirani galimoto ikhale pa njerwa mpaka asesa aione ndi maso ake. Mayi a Sienta aja anadzatenga dipoziti yawo, galimotoyo ikadali pa yadi, Lolemba ndikupita kukasintha mtengo pa polise.