Lipoti la ulendo wathu wa ku Karoo m'nyengo yozizira

Abale ndi alongo amene simunapite nawo, nali lipoti la ulendo umene gulu lathu la Amalawi okhala ku Cape Town linayenda mu Julaye.

Tinanyamuka m'bandakucha pa minibasi, kutsata msewu wa N1. Titapitirira Worcester tinalowa m'chigwa cha Hex River. Mpesa unali utayoyola masamba, ndipo nsonga ya phiri la Matroosberg inali mbee ndi chipale chofewa, chimene ambirife tinali tisanachionepo. Mayi wina wa ku Mulanje anadabwa kuti pa Sapitwa, pa mamita 3,002, chipale sichiunjikana chonchi, pomwe Matroosberg ndi wa mamita 2,249 okha. Chifukwa chake n'chakuti kuno ndi kummwera kwenikweni, komanso mvula yake imagwa m'miyezi yozizira, pomwe kwathu imagwa kukutentha.

Kuseri kwa mapiri dziko linasinthiratu. Mitambo yochokera kunyanja imathera mvula yake m'mapirimo, n'chifukwa chake Karoo ndi wouma chotere: miyala, tizitsamba tofika m'mawondo, nkhosa apo ndi apo, ndi mijigo yopopa madzi ndi mphepo. Pa Matjiesfontein, kamudzi ka m'mbali mwa njanji koyambika mu 1884, tinangomwa tiyi n'kukhotera kumpoto, kukwera chitunda cha Verlatenkloof mpaka ku Sutherland.

Sutherland ali pamtunda wa mamita oposa 1,400 ndipo ndi amodzi mwa malo ozizira kwambiri mu South Africa. Kuzizira kwake n'kouma, kong'amba milomo. Koma kuuma komweko, kukwera kwa malowo ndi kutalikirana ndi magetsi a m'mizinda ndiko kunachititsa akatswiri a zakuthambo kumangako malo oonera nyenyezi. Masana anatiperekeza kukaona SALT, telesikopu yaikulu imene anaitsegulira mu 2005. Galasi lake ndi magalasi 91 a ngodya zisanu ndi imodzi olumikizidwa pamodzi, pafupifupi mamita 11 m'lifupi. Munthu sasuzumiramo ndi diso ayi. Kuwala kumapita ku makina, akatswiri n'kumawerenga pa kompyuta. Usiku tinaonera pa matelesikopu ang'onoang'ono, titafunda mabulangete, zala zitachita dzanzi. Mlalang'amba unaoneka bwino lomwe kuchoka mbali ina ya thambo kufika ina. Kwa ine, apa ndi pamene ndalama zimene tinasonkha zinagwira ntchito yake, ndipo zinandipweteka kuti ana athu a sukulu tinawasiya kunyumba.

Choncho ndikupempha komiti kuti ulendo wotsatira tikonzere anawo, makamaka a sekondale. Tisungitse malo oonera nyenyezi nthawi ikadalipo, ndipo tisankhe masiku opanda mwezi. Aliyense atenge jekete lochindikala, magolovesi ndi chipewa. Adalaivala athire mafuta okwanira tisanachoke mu N1, chifukwa kuchokera pa Matjiesfontein kukafika ku Sutherland ndi makilomita pafupifupi 110 opanda tauni pakati.